Mivi ndi broadhead zoyenerana ndi uta wosakira

Chikondi, Moatize:
Moni akuluakulu nonse. Ndikupempha nzeru pa nkhani ya mivi. Uta ndi wa compound (wa timawilo kunsonga zake), mphamvu yake mapaundi 60, ndimakoka mainchi 28, ndimaponyera kumanja ndi release (kachida kokokera ndi kumasulira nsinga). Mivi ndi ya carbon, yalembedwa 500, yotalika mainchi 31. Ndikaika nsonga zophunzirira za 100 grain (grain ndi muyeso wa kulemera), pa mamita 20 imagwa malo amodzi. Ndikangoika broadhead (nsonga yakuthwa yosakira) ya mipeni itatu ya 125 grain, wina ukupita kumanzere, wina pansi, wina kuphonyeratu chandamale. Vuto lili pa muvi, pa broadhead kapena pa uta? Cholinga ndi njiri ndi nswala, mwinanso ngoma chilolezo chikapezeka.

A Mbewe, Ulongwe:
Achimwene, vuto loyamba ndi 500 ameneyo. Muviwo ndi wofewa kwambiri pa uta wa mapaundi 60, mwausiyanso wautali, kenako mwaulemeretsa kutsogolo. Zitatu zonsezi zikuupangitsa kupindika mopitirira pamene nsinga ikuukankha. Nsonga yophunzirira imabisa vutoli chifukwa siigwira mphepo, ndiye nthenga za kumbuyo zimauwongola msanga. Mipeni ya broadhead imagwira mphepo. Muvi ukachoka pa uta utapendekeka ngakhale pang'ono, mipeni ija ndi imene imayamba kuutsogolera, nthenga n'kumalimbana nayo, ndipo muvi uliwonse umathera kwake.

Nambala ija, imene amaitcha spine, amaipeza chonchi. Amagoneka muvi pa zochirikiza ziwiri zotalikirana mainchi 28, omwe ndi masentimita 71, n'kupachika pakati pake cholemera magalamu 880. Mmene wagonjera amayesa m'magawo 1,000 a inchi. Ndiye 500 wagonja theka la inchi, 340 wagonja pang'ono chabe kupitirira gawo limodzi mwa atatu a inchi. Nambala ikamachepa, muvi ukunka nulimba.

Pa uta wanuwo, muvi wa mainchi 29 wokhala ndi nsonga ya 125 grain ndi insert (kachitsulo komatidwa m'kati mwa muvi komangirapo nsonga) wamba ya aluminiyamu ukufuna 340. Ndipo a 500 aja siyani kuwaponyera pa mapaundi 60. Muvi wofewa kwambiri ukhoza kuthyoka ukuchoka pa uta, ndipo kumene zidutswa zimakathera ndi m'dzanja logwira uta.

Mayi NaBanda, Tsangano:
Kuwonjezera pa zimene anena a Mbewe, kuyesa kumeneku kumatheka pakhomo, ndipo n'kofunika chifukwa mivi yambiri yotchipa imene imafika kuno nambala yolembedwapo siigwirizana ndi muvi weniweni. Khomani misomali iwiri pa thabwa loimirira, motalikirana masentimita 71, yofanana kutalika kuchokera pansi. Thirani madzi m'botolo mpaka botolo, madzi ndi kawaya kokolera zonse pamodzi zikwane magalamu 880 pa sikelo. Gonekani muvi, lembani mzere pansi pake pakati penipeni, kolekani botolo, lembaninso.

Mamilimita 7.6 ndi spine 300. 8.6 ndi 340. 10.2 ndi 400. 12.7 ndi 500. 15.2 ndi 600.

Muuzungulitse muviwo pang'onopang'ono botolo lili pomwepo. Ngati ukugonja mosiyana kwambiri mbali ndi mbali, khoma lake silofanana, ndipo umenewo sudzagwa ndi anzake ukavala broadhead.

Kenaka chenjerani ndi manambala a makampani ena. Pa mivi ina ya Carbon Express, 350 ndi wolimba kuposa 250, mosemphana ndi zimene tafotokozazi. Muzifufuza nambala ya kugonja yeniyeni, yolembedwa ngati .340 kapena .400.

Chikondi, Moatize:
Zikomo kwambiri bambo a Mbewe ndi mayi. Nanga nditaidula ya 500 ija n'kufika mainchi 28, singalimbe mokwanira?

A Mbewe, Ulongwe:
Ilimba, koma osati kufika pamene mukufuna. Kudula inchi imodzi kumathandiza ngati mwatsitsa uta ndi mapaundi pafupifupi 5, ndipo 25 grain iliyonse yowonjezera kunsonga imaufewetsa ngati mwakweza uta ndi mapaundi pafupifupi 3. Kuchokera pa 500 kufika pa 340 mwadumpha 400, ndiye mtundawo watalika. Komanso pali malire a kudula. Mukakoka mpaka pomaliza, muvi uzitsala kutsogolo kwa rest (pogonera muvi pa uta) pafupifupi inchi imodzi, masentimita awiri ndi theka, kuti mipeni isakhudze rest kapena zala zanu. Isungeni mivi imeneyo. Pa recurve (uta wopanda timawilo, wa nsonga zopindikira kutsogolo) ya mapaundi 40 mpaka 45 igwira ntchito bwino.

Amene simukudziwa kutalika kwa kukoka kwanu: tambasulani manja, wina ayese kuchokera kunsonga ya chala chapakati mpaka kunsonga ya chinzake, mugawe ndi 2.5. Munthu wa masentimita 175 apeza 70, omwe ndi mainchi 27 ndi theka. Apa m'poyambira chabe, chomaliza chimaoneka muli mutakoka uta.

A Jere, Domwe:
Spine yamveka. Tsopano kulemera, chifukwa apa m'pamene nyama zambiri zimavulazidwa n'kukafera kutali osapezeka.

Grain imodzi ndi magalamu 0.0648, ndiye 100 grain ndi magalamu 6.5, 125 grain ndi 8.1. Pa compound muvi wonse usachepere 5 grain pa paundi iliyonse ya uta. Pa mapaundi 60 imeneyo ndi 300 grain. Kutsika apo kuli ngati kuponya uta wopanda muvi: mphamvu yotsala imabwerera m'nsinga ndi m'mikono ya uta, zimang'aluka. Koma 300 ndi malire oteteza uta, si muvi wosakira.

Tiwerengere muvi wa Chikondi. Thupi la 340 lolemera 9 grain pa inchi, mainchi 29, ndi 261. Insert ya aluminiyamu 15, nock (kokolera nsinga kumbuyo kwa muvi) 10, nthenga zitatu za pulasitiki 18, broadhead 125. Zonse 429 grain, pafupifupi magalamu 28. Ameneyo akwanira pa nswala, mbawala ndi gwape. Pa njiri yaikulu ndi ngoma ine ndingakonde kupitirira 480. Njira yake ndi insert ya mkuwa ya 50 kapena 75 grain ndi thupi lolemerako, koma mukatero kutsogolo kwafika 175 kapena 200, ndipo spine iyenera kukhala 300. Ndiye ganizani za nyama imene mukufuna musanagule mivi, osati mutagula kale.

Chifukwa chimene ndikuumirira kulemera ndi mmene nyama zathu zinapangidwira. Mabuku ndi makanema ambiri a mauta amachokera ku America, kumene amalasa kuseri kwa phewa. Nswala, ngoma, mphalapala, mtima ndi mapapo zili patsogolo, pakati pa mapewa, ndipo chifu chimayambira pafupi kwambiri. Ukalasa kuseri kwa phewa walasa m'mimba. Polasa pake ndi kukwera molunjika ndi mwendo wamwamba, gawo limodzi mwa atatu kuchokera pansi pa chifuwa. Pamenepo pali mnofu wokhuthala, nthiti, ndipo ukalakwa masentimita ochepa wakumana ndi fupa. Muvi wopepuka umaima pafupapo.

Fatsani, Tete:
A Jere, ndikumva, koma ndisiyane nanu pang'ono. Muvi wolemera umatsika msanga. Kuno kuchigwa cha Zambezi m'chilimwe tchire limakhala poyera, nyama siikulola kufika mamita 18. Ukalakwitsa mtunda ndi mamita 4 kapena 5 pa mamita 35, muvi wa 500 grain upita pansi pa chifuwa pamene wa 400 ukanalowabe. Ndipo mphamvu ilipo yokwanira. Tengani kulemera kwa muvi m'ma grain, muchulukitse ndi liwiro la mafiti pa sekondi kawiri, mugawe ndi 450,240. Muvi wa 430 grain wothamanga mafiti 260 pa sekondi ukupereka pafupifupi 65 ft-lb, womwe ndi muyeso wa mphamvu. Pa tchati cha kampani ya mivi ya Easton, 25 mpaka 41 ndi ya nyama zapakati, 42 mpaka 65 ndi ya zikuluzikulu. Ndiye 430 ikuchepa pati?

A Jere, Domwe:
Achimwene a Fatsani, masamu anu ndi olondola, ndipo pa nswala sitikutsutsana. Koma tchaticho chili ndi chilema. Liwiro limawerengedwa kawiri, ndiye muvi wopepuka wothamanga umaoneka wamphamvu papepala. Recurve ya mapaundi 45 yoponya 450 grain pa mafiti 170 pa sekondi imangopereka 29 ft-lb, komabe ndi broadhead yakuthwa ya mipeni iwiri imaboola nthiti mbali zonse ziwiri. Chimene chimapititsa muvi m'kati ndi kulemera, kuwongoka kwake pofika, ndi mawonekedwe a nsonga. Ed Ashby, wofufuza za mivi wa ku America, anayesa zimenezi pa nyama za ku Africa kuyambira m'zaka za m'ma 1980 ku Natal, South Africa, ndipo anapeza kuti pofuna kuswa fupa lokhuthala kawirikawiri muvi uzifika 650 grain. Sindikuti aliyense afike pamenepo pa gwape. Ndikuti njira yopitira ikudziwika.

Za mamita 35 zija, vuto lalikulu si kutsika kwa muvi. Mkokomo umayenda mamita 340 pa sekondi, muvi wanu 80. Pa mamita 35 muvi umatenga pafupifupi theka la sekondi, nswala kapena njiri yamva kale nsinga ndipo yanyonyomala kuti ithawe. Muvi wolemera umachepetsa phokoso la uta chifukwa umatenga mphamvu yambiri. Yankho la tchire loyera ndi kudikirira pobisalira mpaka nyama ifike mamita 20 kapena 25.

Fatsani, Tete:
Za mkokomo ndavomera. Za 650 ndikuona kuti n'zoyenera ntchefu ndi njati, ndipo njati siya mapaundi 60 n'komwe. Pa nyama za Chikondi ine ndingaime pa 450.

Mayi NaBanda, Tsangano:
Pakati pa 450 ndi 500 nonse awiri mukhoza kugwirizana. Chimene sichinatchulidwe ndi pamene kulemerako kwakhala, chimene amati FOC. Muvi uli wathunthu ndi broadhead yake, yesani kutalika kuchokera m'kamwa mwa nock mpaka pothera thupi la muvi, osawerengera nsonga. Ukhazikeni pa mpeni kapena pa chala mpaka usapendekere mbali, lembani pamenepo, yesani kuchokera m'kamwa mwa nock. Chotsanipo theka la kutalika, mugawe ndi kutalika konse, muchulukitse ndi 100. Muvi wa masentimita 73.7, theka lake 36.8, ukakhazikika pa 46, yankho ndi 12.5 peresenti. Posaka musatsike pa 10, ndipo 12 mpaka 16 ndi pabwino. Ukakhala wochepa, nthenga zimalephera kulamulira broadhead. Musawonjezere kulemera kumbuyo ndi zomata zokongoletsa, zimadya FOC.

Chikondi, Moatize:
Ndatsata. Ndiye pa broadhead penipeni, nditenge ziti? Ena akuti zotseguka zija, za mipeni yotambasuka ikagunda nyama, zimauluka ngati nsonga zophunzirira, vuto langa litha.

A Mbewe, Ulongwe:
Vutolo silitha, lingobisika. Muvi udzafikabe pa nyama utapendekeka, ndipo muvi wopendekeka umataya mphamvu m'mbali m'malo moboola.

Zotseguka zili ndi ubwino wake: zimadula bala lalikulu, inchi ndi theka mpaka mainchi awiri, magazi amatuluka ambiri ndipo kulondola nyama kumaphweka. Mtengo wake ndi mphamvu. Kutsegula mipeni kumadya, kukankha mipeni yotambalala m'mnofu kumadyanso, ndipo mipeniyo ndi yopyapyala, yosafika milimita imodzi, yomangidwa pa kamsomali. Ikakumana ndi fupa imapindika kapena kuthyoka. Nyama ikaima chopendekera, mpeni umodzi ukhoza kugwira poyamba n'kupotoza muvi wonse. Njiri ili ndi chikopa cholimba chodzaza matope ouma ndi mchenga, zimene zimabunthitsa mpeni usanafike m'mapapo. Palinso kutentha kwa kwanu kuchigwa, kumene mu October ndi November kumapitirira madigiri 40. Timphira tomangira mipeni timauma n'kuduka, mipeni n'kutseguka muvi uli m'malere. Amene amagwiritsa ntchito zotseguka aziika kamphira katsopano ulendo uliwonse.

Pa mapaundi 60 ndi mainchi 28, pofuna njiri ndi ngoma, tengani yosatseguka. Ya mipeni iwiri yodula kuyambira kunsonga penipeni ndi imene imaboola kwambiri. Ya mipeni itatu ya chitsulo chimodzi chosalumikiza imasiya bala la ngodya zitatu losatsekeka msanga, ndipo imanoleka mosavuta poigoneka pa mwala mbali ziwiri nthawi imodzi. M'lifupi mwake inchi imodzi mpaka inchi ndi gawo limodzi mwa 8, osapitirira. Mpeni ukhale wokhuthala milimita 1.3 kapena kuposa. Thupi likhale la chitsulo, chifukwa la aluminiyamu limapindika pakhosi pamene pali mazinga.

A Jere, Domwe:
Amene mungasankhe ya mipeni iwiri yonoledwa mbali imodzi yokha, imene imazungulira m'fupa n'kuling'amba, onetsetsani kuti mbali yake ikugwirizana ndi nthenga. Yonoledwa kumanja ikufuna nthenga zozungulitsira kumanja. Mukasemphanitsa, muvi ukafika pa nyama uyenera kuima kuzungulira n'kuyambira mbali ina, mphamvu n'kuthera pomwepo. Kuzungulira kumanja kulinso ndi phindu lakuti nsonga ya mazinga imamangika ikagunda m'malo momasuka.

Kunola: yambani ndi tupa wosalala, kenako mwala, pomaliza chikopa. Ngodya ikhale pafupifupi madigiri 25, yosasinthasintha. Detsani m'mphepete ndi cholembera chakuda kuti muone pamene mwala ukudya. Poyesa, kungani kamphira pakati pa zala ziwiri, mukankhe mpeni pang'onopang'ono. Kakaduka pongokhudzidwa, zatheka. Kakatambasuka n'kuterera, mtsempha wa nyama udzachitanso chomwecho. Pakani Vaseline wopyapyala kuti dzimbiri lisagwire, ndipo m'phodo mipeni isagundane. Broadhead imene yalowa m'chandamale kapena m'dothi ngakhale kamodzi siipita ku nyama isananoledwenso.

Mayi NaBanda, Tsangano:
Kamangidwe ka muvi kamawononga anthu ambiri amene anagula zinthu zoyenera. Carbon siidulidwa ndi sowo ya zitsulo, imanyenyeka ulusi. Dulani ndi kadisiki kopyapyala kothamanga kwambiri, mukuuzungulitsa muviwo, mutatseka mphuno chifukwa fumbi lake ndi loipa. Podulapo pakhale pofanana ndendende. Gonekani muvi m'ngalande ya thabwa, muuzungulitse ukukhuza sandipepa yomata pa thabwa lina loimirira. Pakapendekeka ngakhale pang'ono, insert ikhala mokhota, broadhead nayo ikhota.

Pukutani m'kati ndi thonje la sipiriti mpaka lisade. Matani ndi epoxy youma pang'onopang'ono, ya maola 24. Ya mphindi 5 imauma mokhadzuka ndipo insert imazuka muvi ukagunda cholimba. Guluu wosungunula ndi moto amafewa mivi ikakhala m'galimoto yotsekedwa padzuwa la ku Tete, komanso lawi likakhudza carbon waiwononga. Guluu asanaume, mangani broadhead, muimike muvi pa nsonga pa thabwa losalala, muuzungulitse. Ngati pakhosi pakugwedera, potozani insert pang'ono mpaka kugwederako kuthe, ndiye musiye uume.

Nthenga zomata mowongoka sizikwanira pa broadhead yosatseguka. Zipendekere madigiri 2 kapena 3 kuti muvi uzungulire. Pakani choko kapena lipisitiki m'mphepete mwake, muponye, muone ngati zasiya chizindikiro pa rest kapena pa zingwe za uta. Zikakhudza, potozani nock.

Ndipo muvi uliwonse wa carbon umene wagunda mwala, mtengo kapena unzake, ugwireni mbali zonse ziwiri kutali ndi nkhope, muupinde pang'ono mukuuzungulitsa, mukumvetsera. Ukalira, uthyoleni muutaye. Ukathyokera m'nyama, dulani mnofu wonse wozungulira balalo muutaye, tizidutswa take sitioneka.

Tadala, Zobwe:
Pepani kulowerera. Wanga ndi recurve yolembedwa mapaundi 45, ndimakoka mainchi 27 ndi zala, muvi umagona pa uta penipeni popanda rest. Zonsezi zikundikhudzanso?

A Mbewe, Ulongwe:
Zikukukhudzani, mchemwali, koma manambala asintha. Mapaundi 45 amenewo anayesedwa pa mainchi 28. Inchi iliyonse yochepa imachotsa mapaundi pafupifupi awiri, ndiye inu muli pa 43. Yambani ndi 500 wosadula, nsonga 125 mpaka 150 grain. Muvi wonse ufike 9 kapena 10 grain pa paundi, kutanthauza 390 mpaka 430. Carbon ya 500 imakhala yopepuka, ndiye ena amatenga aluminiyamu 2016, yolemera 10.6 grain pa inchi. Pa manambala anayiwo, awiri oyamba ndi kunenepa m'magawo 64 a inchi, awiri omaliza ndi kukhuthala kwa khoma m'magawo 1,000. Aluminiyamu ikapindika imaoneka ndipo siibaya dzanja, kungoti imapindika msanga m'miyala.

Nthenga zikhale zenizeni, za mainchi 4 kapena 5, chifukwa zimagona zikamadutsa pa uta. Za pulasitiki zimagunda n'kuponyera mchira wa muvi kumbali. Zotseguka musaziganize n'komwe, mipeni iwiri basi.

Kuyesa kwake: ponyani mivi itatu ya nthenga ndi iwiri yopanda nthenga, yonse ya nsonga zophunzirira zolemera mofanana, pa mamita 15. Kwa woponyera kumanja, yopanda nthenga ikagwa kumanja kwa inzake ndi yofewa, dulani mamilimita 6 kumbuyo muyesenso. Ikagwa kumanzere ndi yolimba, wonjezerani kulemera kunsonga. Ikagwa pansi, pokolera nock pa nsinga pakwera kwambiri. Ikagwa pamwamba, patsika. Konzani za pamwamba ndi pansi poyamba. Broadhead siiponyedwa pa muvi wopanda nthenga, ikhoza kupita kulikonse.

Agogo a Nkhoma, Furancungo:
Ana anga, mwakamba bwino za mauta ogula. Kumidzi kuno ambiri ali ndi uta wa mtengo ndi mivi ya bango kapena nsungwi, ndipo nzeru zomwezi zimagwiranso. Uta wa mtengo ulibe podulira kuti muvi udutse pakati, muvi uyenera kupindika mozungulira chogwirira, ndiye umafuna muvi wofewerapo kuposa recurve ya mphamvu yomweyo.

Bango kapena nsungwi dulani zokhwima, m'chilimwe. Mangani mtolo, ziume pamthunzi miyezi iwiri kapena itatu. Wongolani pa makala, mfundo payokha, pakati pa mfundo payokha, osapsereza. Mbali yonenepa ikhale kutsogolo. Kamwa la nsinga lisemeni pafupi ndi mfundo n'kulikulunga ndi ulusi kapena mtsempha, apo ayi nsinga iung'amba muvi. Kutsogolo, bango palokha silipirira. Lowetsanimo kamtengo kolimba masentimita 10 mpaka 15, chitsulo chikhale pa kamtengoko, pokumanirapo mukulunge masentimita atatu ndi guluu. Dulani 30, muyese pa misomali ya mayi NaBanda, mupeza 6 kapena 8 zogonja mofanana. Zimenezo ndiye mivi yanu. Nthenga za nkhukundembo kapena tsekwe ndi zolimba kuposa za nkhanga, ndipo pa muvi umodzi zonse zichokere ku phiko la mbali imodzi.

Chimene achinyamata ayenera kumvetsa ndi ichi. Mivi ya makolo inali yopepuka, ya kachitsulo kakang'ono kokhala ndi ngowe, chifukwa chopha sichinali chitsulo. Unali ulembe wa kombe, muvi unkangofunika kulowa ndi kukhalamo. Kombe yemweyo ndi amene John Kirk, wa paulendo wa Livingstone wa pa Zambezi umene unakhalapo ku Tete, anaona kuti amachepetsa kugunda kwa mtima, ndipo pambuyo pake akatswiri ena anapangira mankhwala a mtima ku Ulaya. Lero ulembe ndi woletsedwa. Ndiye kutenga muvi wa mawonekedwe akalewo wopanda ulembe n'kulasa nguluwe ndi kungoizunza. Muvi wopanda ulembe umapha ndi magazi, uyenera kukhala wolemera, wakuthwa, wopanda ngowe.

Tadala, Zobwe:
Zikomo agogo. Nanga nsonga zosulitsa kwa osula zitsulo zingafanane ndi zogula?

Agogo a Nkhoma, Furancungo:
Zingathe, chitsulo chikakhala choyenera. Lata, mgolo ndi msomali sizigwira kuthwa, zimapindika pa nthiti. Funani sowo yakale ya matabwa kapena sipuling'i ya galimoto yosulidwa mpaka mamilimita awiri. Kutalika masentimita 6 mpaka 7, m'lifupi awiri ndi theka mpaka atatu, kuphatikiza mchira wolowa mu mtengo. Otchani mpaka chifiire ndipo maginito asachigwire, viikani mu oyilo. Pukutani chiwale, mutenthetsenso pang'onopang'ono mpaka chioneke ngati udzu wouma, musiye chizizire. Mukadumpha gawo lachiwirili chimasweka pa fupa. Kunsonga kwenikweni kusakhale kowonda ngati singano, kumapinda. Kudulireni kangodya kakang'ono. Pomaliza ikani zonse pa sikelo ya magalamu, zisasiyane kupitirira theka la galamu, mupale ndi tupa zolemerazo.

Pa nkhanga, nkhwali ndi kalulu musawononge mipeni. Mutu wobuntha wa mtengo kapena wa mphira, wolemera mofanana ndi nsonga zanu zina, ukwanira ndipo muvi sulowa pansi pa udzu.

Fatsani, Tete:
Chimodzi chisaiwalike poti gululi limawerengedwa ndi ambiri. Uta sukuchotserani lamulo. Kusaka kumafuna chilolezo, malo ovomerezeka ndi nyama imene yalembedwa pa chilolezocho, ndipo m'dzinja kusaka kumatsekedwa. Za nyama zakutchire zili m'manja mwa ANAC, bungwe la boma la Mozambique loyang'anira malo osungira nyama. Lamulo 16/2014, lokonzedwanso ndi 5/2017, lili ndi zilango za ndende zaka zambiri pa nyama zotetezedwa. M'paki ya Mágoè, imene inakhazikitsidwa mu 2013, simusakidwa. M'madera a Tchuma Tchato, ndondomeko ya anthu akumidzi yosamalira zachilengedwe, nyama zili ndi chiwerengero chake chaka ndi chaka. Ngakhale nguluwe zikuwononga chimanga, yambirani kwa amfumu ndi ku SDAE, ofesi ya zachuma ndi ulimi ya boma lanu. Amene mukuitanitsa broadhead kuchokera ku Johannesburg kapena kwina, funsani za kasitomu katundu asananyamuke.

Chikondi, Moatize:
Ndathokoza nonse. Ndasankha 300, mainchi 29, insert ya mkuwa ya 50, broadhead ya mipeni iwiri ya 125, nthenga zozungulitsira kumanja. Ndi thupi la 9.5 grain pa inchi ndikupeza pafupifupi 480. Zikafika, ndiyambire pati kuti broadhead zigwe pamodzi ndi nsonga zophunzirira?

A Mbewe, Ulongwe:
Gulaninso nsonga zophunzirira za 125, za 100 zija sizikuyenereraninso. Yambani ndi uta: muvi uli pa rest ukhale wopingasa bwino ndi nsinga, ukudutsa pa bowo la bawuti ya rest, ndipo ma cam, timawilo ta uta tija, onse awiri azifika pomaliza nthawi imodzi. Ngati safika pamodzi, kusuntha rest sikuthandiza.

Kenako pa mamita 20, ponyani broadhead poyamba, nsonga yophunzirira pambuyo, kuti mipeni isadule mivi inzake. Bwerezani katatu kapena kanayi musanakhudze kanthu. Broadhead zikamagwa pansi pa zinzake, kwezani rest milimita imodzi. Zikamagwa pamwamba, tsitsani. Za kumanja ndi kumanzere, sunthani rest milimita imodzi mbali imodzi, muponyenso. Mpata ukachepa pitirizani, ukakula bwererani mbali inayo. Lembani chizindikiro pamene rest inali musanayambe. Sight (cholozera cha pa uta) musaikhudze mpaka magulu awiriwo atakumana, ndiye musunthe sight kuwatengera pakati. Mukatha, bwerezani pa mamita 30, chifukwa cholakwika chaching'ono chimaonekera patali.

Lembani nambala pa muvi uliwonse. Mukapeza umodzi ukugwa pawokha nthawi zonse, potozani nock kuti nthenga ina ikhale pamwamba, muyesenso. Ukakanabe mbali zonse zitatu, usiyeni ukhale wophunzirira. Chandamale chikhale cha thovu lolimba, chifukwa thumba la nsanza limakola mipeni, ndipo patulani broadhead ziwiri zophunzirira zokha kuti zinazo zikhale zakuthwa.